Kankhono ka pa mzere wa 63

Anandiphunzitsa ndi Amidu,
mnyamata wokonza makompyuta ku Kamuzu Road,
masana ena a Okutobala, fani itafa,
bulauzi itandimamatira kumsana.
Anati: Mayi, lekani kutuma ana ndi makalata
omwe amathera m'matumba a yunifomu.
Apa dzina, apa fizi, apa zomwe apereka,
apa chotsala.
Chotsala chikaposa ziro, tsiku likakwana,
imelo inyamuka yokha.

Yokha?
Yokha, ngakhale inu muli m'tulo.

Tinalemba lamulo lake, timizere topiringizika
ngati waya wa pamsika wa Kaphatenga.
Kadontho kamodzi kanasowa, zonse zinakana.
Tinakasaka mpaka magetsi anathima,
m'mawa mwake tinakapeza pomwe timayang'ana dzulo lonse.
Nthawi ndinasankha ndekha:
Lolemba lililonse, seveni koloko.

Ndinayamba ndayesera pa ine mwini.
Ndinadzilembera ngongole yabodza, K500,
foni n'kulira m'chikwama: Okondedwa kholo...
Ndinaseka ndekha mu ofesi
mpaka mlonda anasuzumira pazenera.

Lolemba loyamba ndinamwa tiyi akadali wotentha,
koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi,
makalata makumi asanu ndi atatu atapita
opanda envulopu, opanda phazi langa.
Ahedi anati chitukuko chafika.
Malisiti anayamba kuchuluka m'dilowa.

Koma chinthuchi sichidziwa kuodira.
Sichifunsa kuti kunyumba kwacha bwanji.
Sichiona masamba atayalidwa pamsewu
kuti chitsike panjinga, chivule chipewa.

Lolemba lachinayi kunabwera yankho
kuchokera pa mzere wa 63,
a Kambalame, bambo a Tiyese wa Fomu 3:
"Ndine mayi ake.
Eni foniyi tinawaika Lachisanu ku Khombedza.
Uthenga wanu watipeza tikumeta.
Tamva. Tilezereni mtima."

Ndinayang'ana pa sikirini.
Kabokosi kawo kali psuu, monga ndinalamulira,
K185,000,
ndipo pansi pa kalatayo:
Ine wanu, E. Chimbalanga, msungichuma.
Ndinapita kusiwa ndi lisiti m'manja
pamene ndinali kubafa kwanga ku Msangu,
ndikuimba.

Ndinamuimbira Amidu:
Kodi mulibe danga lolembamo kuti maliro?
Anati: Litheka, tionjezera kolamu,
mukalemba kuti "ima", lamulo lizidumpha.
Koma ndili ku Dwangwa, ndibwera mwezi ukatha.

Mwezi ukatha.
Malolemba atatu, odi atatu osaodira
pakhomo pomwe phulusa la pamaliro silinazizire.

Ngongole sindingafufute, si yanga.
Dzina sindingachotse, mwana akuphunzira.
Ndinapita pa adiresi yawo,
pakati pake pali kachizindikiro kodzipinda kaja,
Amidu amakatchula mwa chizungu,
ine ndimati kankhono.
Ndinakagwira ndi chala chimodzi,
n'kukachotsa.

Amidu anabwera, kolamu ilipo tsopano.
Ndalembamo kale kanayi:
awiri maliro, wina ali m'chipatala,
wina fodya wake anabwerera ku okushoni.
Koma pa 63 sindinalembe kanthu,
ndipo kankhono sindinakabwezeretse.

Choncho Lolemba lililonse, seveni koloko,
makalata amabalalika boma lonse la Salima,
imodzi yokha n'kubwerera kwa ine
ndi madandaulo ake:
adiresi iyi ndi yolakwika.
Ndimaiwerenga yonse, ngati kulandira mlendo.
Ndimati: Ndamva, khala pansi,
uko sukupita.

Tiyese amadutsa pazenera belu likalira,
tsitsi layamba kumera,
makope atawapanikiza pachifuwa.
Sadziwa za mzere wake.
Dzana mayi ake anatumiza K20,000 pa foni,
ndinailemba,
kabokosi kanatsika pang'ono,
kakadali kofiira.